Timibulu ta Msuzi mu Firiji ya Amayi

Amayi anandiuza za opaleshoni yawo tili m'basi, pochokera ku chipatala komwe ankakayezetsa shuga. Ndikuganiza kuti anasankha basi dala, podziwa kuti ine sindingalire pagulu. Anati madokotala awadula chifu, achotsako mbali yaikulu, kuti azikhuta ndi zochepa thupi litsike. Shuga wawo anali atasiya kumvera mankhwala, ndipo masitepe a pa fulati yathu ku International City, mu mzinda wa Dubai, ankawakwera chopumira, dzanja lili pabondo. Ndinangogwedeza mutu, maso ali pa mchenga wa m'mbali mwa msewu.

"Ndipo tamvera," anatero motsitsa mawu, ngakhale m'basimo munalibe wina womva Chichewa. "Nkhani iyi ndi ya ine ndi iwe. Wina akafunsa, ndi opaleshoni ya m'mimba. Khalas, yathera pomwepo."

"Ngakhale amayi aakulu?"

"Makamaka amayi ako aakuluwo."

Amayi aakulu ndi mkulu wawo wa amayi anga. Amakhala ku Zomba, ndipo anali atavomera kubwera kudzadwazika, poti kuno timakhala awiri okha ndipo ine masana ndimakhala kusukulu. Amayi anati kwathu munthu wonenepa ndiye kuti zikumuyendera, moti achemwali awo akangomva kuti apita okha kukadulitsa chifu chabwinobwino, mpingo wonse ukhala utadziwa Lamulungu lisanafike, ndi mudzi wa kwa bambo anga womwe. Ndinalonjeza kuti sindinena. Kulonjeza kukhala chete sikunandivutepo ine, ndi ntchito yomwe ndimaidziwa bwino kuposa zonse.

Tsiku lina ananditenga kukaonana ndi mayi woona za kadyedwe pa chipatalapo. Anatifotokozera pang'onopang'ono kuti masiku oyamba amayi azidzamwa zamadzimadzi zokhazokha, zoti ukathira m'kapu uziona pansi pake. Pambuyo pake zidzabwera za mkaka, kenako zogaya, ndipo chakudya chenicheni chidzafika mochedwa kwambiri. Anati chifu chongosokedwa kumene sichifuna mafuta kapena tinthu ta misere, chifukwa munthu akayamba kusanza msoko umakokeka, ndipo ukadontha mkati amabwerera ku chipatala pa ambulansi. Amayi ankayang'ana foni yawo ya kuntchito. Ine ndinagwira mawu akuti kudontha, ndipo sanandichokenso m'mutu.

Loweruka lililonse tinkapita kukagula zinthu. Tinkadikira basi m'kanyumba kozizira ka pa siteji, n'kubwerera pa tekisi chifukwa cha katundu. Tinagula madzi a m'mabotolo ochuluka moti anadzaza kuseri kwa chitseko, tiyi wopanda mphamvu, zitini zazikulu za ufa wa mapuloteni wonunkhira ngati bisiketi yonyowa, mavitamini otafuna, sefa ya mabowo ang'onoang'ono, bulenda yatsopano, tikapu tating'ono ngati tomwera mankhwala ndi timasupuni tofewa ta ana. Mayi wa pa kauntala ataona timasupunito anayang'ana mimba ya amayi n'kuwafunira mafuno abwino a khanda. Amayi anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira.

Munthu woyamba kumukayikira anali amayi eniakewo. Ndinawapeza akuponya m'ngolo mapaketi a mabisiketi ndi zakumwa za gasi, zomwe mayi wa kuchipatala uja analetsa motsindika.

"Ndi za alendo," anatero osandiyang'ana. "Anthu adzabwera kudzandizonda, uwapatsa madzi a mafupa?"

Titafika kunyumba ndinakwera pampando n'kuziika pamwamba pa kabati, pomwe mawondo awo sakanawafikitsa. Anangondiyang'ana.

Chomwe ndinkanyadira nacho chinali msuzi. Pansi pa fulati yathu pali bambo wa ku Pakistan wogulitsa nyama, yemwe amanditchula kuti beti, kutanthauza mwana wamkazi. Ankandisungira mafupa a nkhuku ndi a ng'ombe. Ndinkawawiritsa nthawi yaitali ndi karoti ndi anyezi wosaduladula, n'kusefa, n'kusefanso pa kansalu koyera, kenako n'kuuika msuziwo mu firiji kuti mafuta aundane pamwamba ndiwachotse ndi supuni. Ukayera ndinkauthira m'timbale toumbira ayezi. Ukauma ndinkakhuthulira timibuluto m'matumba a pulasitiki. Kambulu kamodzi kakasungunuka kankadzaza kakapu kamodzi ndendende. Ndikakanyamula n'kuyang'ana ku zenera ndinkaona kuwala kukudutsa, kofiirira ngati tiyi wosapsa. Pomwe ndege ya amayi aakulu inkatera, malo ouma a mu firiji anali atadzaza mpaka chitseko kumavuta kutseka.

Anafika ndi sutikesi yolemera moti woyendetsa tekisi anadandaula m'chinenero chake. Munali usipa, nyemba, ufa, chigumu chokulungidwa m'nyuzipepala, ndi thumba la mtedza lomwe anati analima okha. Anawakumbatira amayi pakhomo, kenako anawakankhira kumbuyo pang'ono kuti awaone bwino. Amayi anali atayamba kale kumwa zamadzimadzi zokha pokonzekera opaleshoni, monga analamulira dokotala, ndipo masaya anali atagwa.

"Iwe mng'ono wanga, nkhope yako waisiya kuti?"

"Ndi kutentha kwa kuno, achemwali."

"Kutentha kumadya masaya okha?"

Asanavule n'komwe nsapato analowa m'khitchini n'kuyamba kutsegula makabati. Ananyamula kakapu kamodzi ndi zala ziwiri.

"Izi ndi za masanje? Mwanawe, sunakule?"

Ndinaseka mwaulemu. Koma atafika pa sefa ija sanachitenso nthabwala. Anaitenga, anaitembenuza, anapaka chala pa mabowo ake, anayang'ana kansalu kosefera kali poyanika, kenako anayang'ana amayi omwe ankamwa madzi pang'onopang'ono pampando. Anaibwezera sefayo pamalo pake mwakachetechete. Ine ndinalemba m'dayale yanga tsikulo kuti amayi aakulu ali ndi maso a munthu wofufuza, ndipo ndisamale.

Mafunso awo ankabwera tikakhala awiri. Ndikamatsuka mbale ankaima pafupi nane n'kumapukuta mbale youma kale.

"Mayi ako amameza bwino?"

"Amameza."

"Unawamvapo akusanza?"

"Ayi."

"Chakudya anayamba kuchikana liti?"

"Sindikudziwa, amayi aakulu."

"Iwe ndiye sudziwa kanthu m'nyumba muno, eti? Mlendo ndiwe."

Ndinkaganiza kuti akutola nkhani yokagawira anzawo ku Zomba. Madzulo ankatuluka pakhonde ndi foni, n'kutseka chitseko cha galasi, n'kumanong'ona motentha muja thukuta likuwatsika m'khosi. Ndikadutsa ankasiya kuyankhula mpaka nditapita.

Kenako mwadzidzidzi anakonda msuzi wanga. Anafuna kudziwa mmene timbale ta ayezi timagwirira ntchito, ndi nthawi yomwe madzi amatenga kuti aume. Anandiuza kuti ndisamadzitopetse, ndizingopita kusukulu, za m'khitchini azione iwo. Ndinawathokoza, koma sindinawakhulupirire. Munthu yemwe dzulo lake ankati msuziwo ndi madzi otsukira mbale, lero akuufunsira mwachikondi chotere?

Ndinayamba kuona tinthu. Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza zenera la m'khitchini lili pululu, mpweya wotentha ukulowa, makina oziziritsa akulira okha. Kuno palibe amatsegula zenera masana mwezi wotentha ngati umenewo. Pansi pa fungo la sopo panali fungo la mtedza wokazinga. Bulenda inali yotsukidwa, madontho akadali mkati, itaikidwa m'kabati ya mapoto momwe ine sindiiika.

"Mumakazinga mtedza, amayi aakulu?"

"Wotafuna ine. Kapena kuno ku Dubai n'koletsedwa?"

Atapita kukasamba ndinatsegula firiji. Timibulu ta pamwamba m'thumba loyamba tinali toyera bwinobwino. Ndinachita manyazi ndi maganizo anga, ndinatseka. Koma thumba la mtedza linkangotsika tsiku ndi tsiku, ndipo sindinawaonepo akutafuna ngakhale njere imodzi.

Opaleshoni inayenda bwino. Amayi anatuluka m'chipinda cha opaleshoni ali ndi timabandeji ting'onoting'ono pamimba, akuyankhula mwatulo. Amayi aakulu anali atanyamula chitenje ndi bulangete kuti agone pansi pambali pa bedi monga amachitira wodwazika aliyense kwathu, koma anamwino anawakaniza mwaulemu. Anafunsa komwe kuli khitchini ya odwazika, anawauza kuti kulibe. Njira yonse yobwerera ankangopukusa mutu.

"Chipatala chonyezimira chonchi, koma chopanda pophikira. Wodwala amusiya yekha ndi makina. Abwere kunyumba ndimuone ine."

Mawu otsirizawo ndi amene anandivutitsa m'kalasi tsiku lotsatira. Amayi ankayenera kutuluka mawa lake. Nditafika kunyumba masana, amayi aakulu anali asanabwere kuchokera kokazonda. Ndisanavule yunifomu ndinatulutsa thumba limodzi n'kukhuthulira zonse m'beseni. Toyera tinali tochepa, tongophimba pamwamba. Tonse ta pansi tinali totuwa, ta mbuu ngati madzi a mumtsinje mvula itagwa. Thumba lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso. Ndinasungunula kamodzi m'kakapu. Pansi sipankaoneka. Pamwamba pankayandama mafuta achikasu, ndipo nditalawa ndinamva misere pa lilime. Nsinjiro ndi majarini. Anali atasungunula msuzi wanga, atautendera ngati masamba a nkhwani, n'kuuumitsanso, n'kusiya toyera pamwamba kuti ndisazindikire.

Ndinakhala pansi pa khitchini, beseni lili pamiyendo, kuzizira kukulowa mu siketi. Ndikanatha kutaya zonse mwakachetechete n'kuphika wina, koma kuyambira mawa lake ine ndikanakhala kusukulu, iwo ali ndi amayi, mtedza uli m'kabati. Ndikanatha kuimbira amayi, koma anali ofooka, ndipo akanangoti ndisapute achemwali awo. Amayi sanawakanirepo achemwali awo chinthu. Akanapatsidwa kakapu kotuwako akanamwa, pofuna kuti asafunsidwe chifukwa chokanira.

M'dayale ndimayankhula bwino kwambiri, ndimayankha ngakhale aphunzitsi. Pakamwa ndi pomwe pamavuta. Posakhalitsa ndinamva amayi aakulu akutsegula chitseko ndi kiyi. Ndinadikira kuti akhale pansi, avule nsapato, amwe madzi. Kenako ndinaika kakapu kaja patebulo patsogolo pawo, n'kugwada.

Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Ee, ndatendera. Ndiye?"

"Amayi sangamwe zimenezi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono moti ndinachita kubwereza.

"Angamwe chiyani? Madzi ako aja? Iwe, munthu wodulidwa pamimba umuchirikiza ndi madzi oonekera pansi? Ndinayamba kudwazika ine iwe usanaganiziridwe n'komwe."

"Dokotala anati..."

"Dokotala akaweruka amapita kwawo kukadya." Anakankha kakapuko pang'ono. "Tadzuka apo, usandigwadire ngati ndine mlendo. Mukuganiza kuti ndine mwana, iwe ndi mayi ako? Ndinadziwa tsiku lomwe ndinalowa muno. Sefa ija."

Sindinamvetse. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, ndipo atayambanso kuyankhula sankandiyang'ananso.

"Agogo ako aamuna, bambo athu, tinkawasefera phala chomwechi. Kummero kunayamba kutseka. Poyamba anasiya nyama, kenako mbatata, kenako phala lomwe linkabwerera. Khansa. Mayi ako anali ku sukulu yogonera konko, sanaone, tinkamubisira. Ine ndinkasefa, n'kusefanso pa kansalu, n'kumawapatsa ndi kasupuni ka mwana wanga. Anapita ndi njala, nkhokwe ili yodzaza. Ndiye ndifike kuno ndipeze sefa, kansalu, timasupuni, mng'ono wanga masaya atagwa, inu muzindiuza kuti ndi kutentha? Ngati akupita, sapita ndi madzi okha m'mimba. Ine ndili moyo, ayi."

Ndinali nditalonjeza m'basi muja. Ndinakumbukira nkhope ya amayi pomwe ankati makamaka amayi ako aakuluwo. Koma panalibe bodza lina lomwe likanachotsa mtedza m'manja mwa munthu ameneyu. Akanandimvera pamaso, n'kutendera ine nditatuluka, ndipo akanatero chifukwa chowakonda.

"Si khansa, amayi aakulu."

"Usandinyengerere."

"Si khansa. Kummero kwawo kulibe vuto. Awachepetsa chifu kuti aonde, chifukwa cha shuga ndi mawondo. Anapempha okha. Msoko ukadali wauwisi, ndiye akamwa zamafuta kapena za misere angasanze, msokowo n'kudontha mkati. Masiku oyamba okha ndi omwe akufunika zoonekera pansi. Zinazo adzadya, pang'onopang'ono."

Sindinayankhulepo mawu ambiri chonchi kwa munthu wamkulu.

"Chifu chinali ndi chilonda?"

"Ayi."

"Chotupa?"

"Ayi."

"Chabwinobwino?"

"Chabwinobwino."

Anatulutsa kaphokoso komwe sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira, ndipo kanakhala zonse ziwiri. Anagwira mutu ndi manja onse. Kenako anamenya tebulo moti msuzi wotuwa uja unatayikira.

"Mwana wopusa uyu! Ine amayi a ku mpingo ndawasalitsa kudya, ndikunong'ona pakhonde apo ngati mbava, thukuta lili kamukamu. Ukudziwa chomwe chili pansi pa sutikesi yanga? Nsalu yakuda! Nditangomva za opaleshoni ndinanyamula nsalu ya maliro kuchokera ku Zomba, kumeneko munthu akufuna chiuno!"

"Ndi shuga, amayi aakulu."

"Ndamva za shugazo." Anaminira m'chitenje. Anayang'ana beseni la timibulu tomwe tinali titayamba kusungunuka pakhomo la khitchini. "Ukuti akanamwa izi akanabwerera ku chipatala?"

"Mwina. Ndi zomwe anatiuza."

"Ndiye ukungogwadabe chiyani? Tenga chikwama, tiye kwa mwamuna wa mafupa uja asanatseke."

Tinaphikanso madzulo omwewo, mapoto onse ali pamoto. Kusefa anasefa iwo, ndipo ankadziwa kuposa ine. Kansalu sankakafinya, ankangokasiya kuti kazidontha kokha, ndipo msuzi unatuluka woyera kuposa wanga. Sanasiye kung'ung'udza. Ankati sanaonepo munthu akuchira ndi zoterezi, ankati azungu ndi Aluya agwirizana zopha anthu ndi njala. Pa chifukwa chimenechi sindinasiye kuwakayikira. Thumba la mtedza ndinakalisungitsa kwa mnzanga wa pa fulati yoyandikana nayo, ndipo kwa milungu yotsatira kakapu kalikonse kopita kwa amayi ndinkayamba ndakayang'ana ku zenera. Ndikamalowa m'khitchini ankati, "Abwera apolisi, bisani katundu."

Amayi anabwera mawa lake masana, akuyenda chowerama, dzanja lili pamimba. Amayi aakulu anawathandiza kukhala pampando, anawaikira pilo kumsana, anawavula nsapato. Kenako anasungunula kambulu kamodzi, anabweretsa kakapuko pa mbale, anakanyamula m'mwamba kuti amayi aone kuwala kukudutsa.

"Imwa pang'onopang'ono. Kachifu kako katsopanoko kangadabwe."

Amayi anaimitsa dzanja m'malere. Sanawayang'ane achemwali awo. Anandiyang'ana ine, ndili chiimire pafupi ndi mabotolo a madzi kuseri kwa chitseko.

"Usamuyang'ane mwanayo," anatero amayi aakulu. "Akanapanda kunena, bwenzi pano ukumwa nsinjiro. Ndipo ine ndi iwe tili ndi mlandu, koma uyambe wachira, sindikangana ndi munthu wa mabandeji."

Amayi anamwa. Kakapu kamodzi kanawatengera nthawi yaitali. Amayi aakulu atapita kukhitchini, amayi anandiitana ndi chala.

"Ndinakuuza chiyani m'basi?"

"Munati ndisanene."

"Ndiye?"

"Ndinanena."

Ndinadikira kuti andikalipire, kapena andiuze kuti ndinachita bwino. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangotseka maso n'kunena kuti ndiwachepetsere kuzizira kwa makina.

Msoko unapola wopanda vuto. Amayi anadutsa za mkaka, anadutsa zogaya, ndipo pano masitepe amakwera osaima. Ku Zomba nkhani inamveka, monga ankaopera. Amayi aakulu amalumbira kuti sanaulule, anangouza amayi a ku mpingo kuti asiye kusala chifukwa wodwala wawo alibe khansa, ndipo zinazo anthu anazilumikiza okha ataona zithunzi. Achibale ena anaimba foni n'kumafunsa mwachipongwe ngati kuno chakudya chatha.

Amayi sanabwererenso ku nkhaniyi ndi ine. Koma ulendo wotsatira wokaonana ndi dokotala anapita okha, ndipo zomwe anakawauza ndinazimva kwa amayi aakulu pa foni, patapita nthawi. Kale ndinkakhala woyamba kudziwa za m'nyumba mwathu. Masiku ano amayi akafuna kubisa kanthu, amayamba kubisira ine.